Makina Oyeza Chikhodzodzo: Ndani Akuwafunadi?

Nkhani ya lero ikukhudza chikhodzodzo, chiwalo chimene munthu sachikumbukira mpaka tsiku limene chayamba kumuchititsa manyazi. Ikukhudzanso malangizo amene madokotala amatsatira pofuna kudziwa ngati munthu wamkulu akufunika kuyezedwa pa makina kapena ayi.

Mu May 2012, magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anagwedeza madokotala ambiri a ku America. Gulu lotsogoleredwa ndi dokotala Charles Nager wa ku San Diego linatenga amayi 630 amene mkodzo unkawathawa akatsokomola, akayetsemula, akaseka kapena akanyamula katundu wolemera. Onsewo ankayembekezera opaleshoni. Anawagawa pawiri mochita maere. Gulu loyamba linangofunsidwa mafunso ndi kupimidwa m'chipinda cha dokotala. Gulu lachiwiri linapimidwa chimodzimodzi, kenaka n'kukayezedwanso pa makina, kuyeza kotchedwa urodynamics, kumene kwa zaka zambiri madokotala ambiri sankafuna kuchita opaleshoni asanakuone. Chaka chitatha, anawerenga amene zinthu zinawayendera bwino. Mwa oyezedwa pa makina anali 76.9 peresenti. Mwa osayezedwa anali 77.2 peresenti.

Sikuti makinawo sananene kanthu ayi. Madokotala ataona zimene anajambula, ankasintha dzina la matenda m'mafayilo a amayi ambiri ndithu. Koma opaleshoni imene ankasankha inali yomweyo, ndipo kuchira kunali komweko. Mayi anavula, analowetsedwa timapaipi, wina analipira ndalama zambiri, ndipo pomaliza analandira chithandizo chimene akanalandirabe ngakhale akanapanda kuponda m'chipinda cha makinacho.

Chaka chomwecho, mabungwe awiri a madokotala a ku America, American Urological Association ndi SUFU, anatulutsa malangizo okhala ndi mfundo 19 za kayezedwe ka chikhodzodzo mwa anthu akuluakulu. Wina angaganize kuti kafukufuku uja anali atakwirira makinawa. Sizinatero. Malangizowo amasiyanitsa odwala. Pa ena amasiyira dokotala kuti aone yekha ngati kuyezako kungamuthandize. Pa ena amamuuza kuti ayeze basi, wodwalayo adandaule kapena asadandaule. Ndipo chodabwitsa n'chakuti amene akufunikira kwambiri makinawa nthawi zambiri ndi amene sakumva kupweteka kulikonse.

Kuti zimenezi zimveke, m'pofunika kulowa kaye m'chipindamo.

Wodwala amauzidwa kuti abwere atasunga mkodzo, chikhodzodzo chili chodzaza bwino koma osati mochita kumuvutitsa. Poyamba amakodza m'chimbudzi chapadera chokhala ndi fanulo, pansi pake pali kachipangizo koyeza kuchuluka kwa mkodzo umene ukugwa pa sekondi iliyonse. Namwino amatuluka n'kutseka chitseko, chifukwa munthu amene akuyang'anidwa sakodza momwe amakodzera kwawo, ndipo akamaliza amafunsidwa ngati umu ndi momwe zimakhalira masiku onse. Kenaka namwino amalowetsa kapaipi kowonda, ka mamilimita awiri kapena atatu, kudzera m'njira ya mkodzo mpaka m'chikhodzodzo, n'kuyeza mkodzo wotsalira. Kapaipi kachiwiri, kokhala ndi kabaluni kakang'ono kunsonga, kamalowa kunjira ya chimbudzi, kapena kwa amayi ena kunjira yoberekera.

Kachiwirika ndi kamene odwala ambiri amadabwa nako, koma popanda iko kuyeza konse kumakhala kosokeretsa. Chikhodzodzo chili m'mimba. Munthu akatsokomola, akalankhula, akadzuka pampando, m'mimba monse mumapanikizika, ndipo pulesha ya m'chikhodzodzo imakwera ngakhale icho sichinachite kanthu. Kapaipi kakumbuyo kamayeza pulesha ya m'mimbayo. Kompyuta imachotsera nambala yachiwiri pa yoyamba, ndipo chotsalacho ndi mphamvu ya mnofu wa chikhodzodzo chenichenicho. Pa sikirini pamayenda mizere itatu: wa m'chikhodzodzo, wa m'mimba, ndi wa zotsalazo.

Pampu imayamba kuthira madzi a mchere ang'onoang'ono, onga a m'dilipi, ndipo namwino amacheza ndi wodwala. «Mukayamba kumva kuti mukulowa madzi mundiuze, amayi.» Pakapita kanthawi: «Nanga pano, mukanakhala kunyumba mukanapita kukataya madzi, kapena mukanadikira kaye?» Kenaka amadikira nthawi imene wodwala anene kuti sangathenso kupirira. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimalandira mamililita 400 mpaka 600, ndipo chathanzi chimafutukuka mwakachetechete, pulesha yake osakwera kwenikweni mpaka mwiniwake atachilola kufinya. Namwino amachiputa dala: amamuimiritsa wodwalayo, amatsegula mpopi kuti amve phokoso la madzi. Ndipo mphindi zingapo zilizonse amati, «Tatsokomolani.» Chifuwa chimenecho sichiyeza wodwala yekha. Chimayezanso makinawo. Mizere iwiri yoyamba iyenera kudumpha mofanana, wachitatu n'kukhala phee. Wina ukadumpha pang'ono kuposa unzake, ndiye kuti m'kapaipi mwalowa mpweya, kapena kapindika, kapena kabaluni kasuntha, ndipo zonse zojambulidwa kuchokera pamenepo n'zosadalirika.

Timfundo totereti tinachita kulembedwa chifukwa zipatala zinkayeza mosiyanasiyana, chilichonse m'njira yake, moti dokotala wa mzinda wina sankatha kuwerenga pepala la mnzake. Kuyeza pulesha ya m'chikhodzodzo kunayamba kalekale: Angelo Mosso ndi Paolo Pellacani ankachita kale ku Turin kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1880, D. K. Rose anapanga chipangizo chake ku St. Louis mu 1927, ndipo Willard Drake anabwera ndi choyezera liwiro la mkodzo mu 1948. Koma kugwirizana kunachedwa. Bungwe la International Continence Society, lomwe linayamba ku Britain mu 1971, linatulutsa ndondomeko ya kayezedwe koyenera mu 2002, n'kuikonzanso mu 2016. Mmenemo ndi momwe muli lamulo lakuti zipangizo zoyezera ziikidwe pa ziro zili zotsegukira ku mpweya wa m'chipinda, ndiponso zikhale pa mulingo wa m'mphepete mwa kumtunda kwa fupa la pachinena. Kachipangizoko kakatsika ndi chikhatho chimodzi, manambala onse amasokonekera.

Mfundo imene malangizo onsewa amayambira ndi yakuti dokotala akhale ndi funso asanayatse makina. Ayenera kudziwa chimene akufuna kudziwa, ndiponso ngati yankho lake lingasinthe chithandizo. Kuti afike pa funsolo, pali ntchito yotsika mtengo imene iyenera kuyamba. Kumva bwinobwino madandaulo a wodwala. Kumupima. Kuyeza mkodzo kuti aone ngati muli tizilombo, magazi kapena shuga. Kuyeza wotsalira akamaliza kukodza, kaya ndi sikani kaya ndi kapaipi. Ndiye pali kabuku ka masiku atatu, momwe wodwala amalemba nthawi imene wamwa, nthawi imene wakodza, kuchuluka kwake poyeza ndi kapu yokhala ndi manambala, ndi nthawi imene wadzinyowetsa. Kabukuka kamaulula zinthu zimene makina sangazione. Agogo amene akudandaula kuti amadzuka kanayi usiku akhoza kupezeka kuti nthawi iliyonse amatulutsa kapu yodzaza. Chikhodzodzo chawo chilibe mlandu. Impso ndizo zikupanga mkodzo wambiri usiku, mwina chifukwa cha shuga, mwina mtima, mwina madzi amene amatsikira m'miyendo masana n'kubwerera m'magazi akagona, mwinanso tiyi wa madzulo.

Kwa mayi amene mkodzo umamuthawa akatsokomola, ndipo dokotala waona ndi maso ake ukutuluka pa chifuwacho, funso layankhidwa kale. N'chifukwa chake bungwe la NICE la ku England, m'malangizo ake a 2019, linanena mosapita m'mbali kuti mayi wotere asayezedwe pa makina asanachitidwe opaleshoni yake yoyamba. Komatu amayi 630 aja anachita kusankhidwa. Munalibe amene anachitidwapo kale opaleshoni ya vuto lomweli, munalibe amene chiberekero chinatsika kwambiri, munalibenso amene ankatsala ndi mkodzo wopitirira mamililita 150. Mayi amene ali kunja kwa mpanda umenewo nkhani yake ndi ina, ndipo dokotala amene angagwiritse ntchito kafukufukuyu pokana kumuyeza ndiye kuti anawerenga mutu wokha.

Malangizo a 2012 aja ali ndi timalangizo tiwiri tosonyeza kuti olemba ake anakhalapodi m'zipinda zoyezera. Koyamba: mayi akamanena kuti amadzinyowetsa koma pa makina sakutuluka kanthu, dokotala achotse kapaipi n'kumutsokomoletsanso, chifukwa kapaipiko pakokha kakhoza kutseka njira. Kachiwiri: mayi amene chiberekero kapena khoma la njira yoberekera latsika kwambiri akhoza kukhala wouma chifukwa chotsikacho chapinda njira ya mkodzo. Akakonzedwa popanda kuyezedwa, amachira kutsikako n'kuyamba kudontha. Ndiye dokotala ayenera kubwezera kaye chotsikacho m'malo mwake ndi chipangizo kapena thonje, n'kumuuza kuti atsokomole.

Kwa abambo nkhani imalowera kwina. Bambo wa zaka za m'ma 60 amaima nthawi yaitali mkodzo usanayambe, umatuluka mofooka, umaduladula, akamaliza n'kumadonthabe. Aliyense amathamangira kunena kuti prostate yakula, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma madzi akamatuluka pang'onopang'ono pampopi, vuto likhoza kukhala paipi yotsekeka, likhozanso kukhala pampu yotopa, ndipo munthu amene waima ndi ndowa sangasiyanitse. Opaleshoni yopala prostate imatsegula njira. Mnofu wofooka siithandiza kwenikweni.

Chimbudzi cha fanulo chija chimapereka chithunzi choyamba, bola bamboyo atulutse mamililita osachepera 150. Liwiro likapitirira mamililita 15 pa sekondi, kutsekeka n'kokayikitsa. Likatsika pansi pa 10, kutsekeka kumaganiziridwa kwambiri. Koma chotsimikizira ndi kuyeza pulesha bamboyo ali mkati mokodza, kapaipi kali momwemo. Pali kawerengedwe kodziwika ndi maina a Paul Abrams ndi Derek Griffiths: kutenga pulesha ya mnofu pa nthawi imene mkodzo ukuthamanga kwambiri, n'kuchotsapo liwirolo kawiri. Yankho likaposa 40, njira yatsekeka. Likachepera 20, siyotsekeka. Abambo awiri onse akhoza kukhala ndi liwiro la 8. Woyamba pulesha yake ndi 80, kuchotsapo 16 kutsala 64: chikhodzodzo chikulimbana ndi chotchinga, ndipo opaleshoni ingamupumulitse. Wachiwiri pulesha yake ndi 25, kutsala 9: palibe chotchinga, mnofu ndiwo watopa.

Masamuwo ndi okoma, moti munthu angaganize kuti bambo aliyense akanayezedwa chonchi maopaleshoni ambiri akanapeweka. Anthu a ku Bristol, motsogozedwa ndi Marcus Drake, anayesa maganizo amenewo pa abambo 820 m'zipatala 26 za ku England, mu kafukufuku wotchedwa UPSTREAM amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020. Mwa oyezedwa pa makina, 38 peresenti anachitidwa opaleshoni. Mwa osayezedwa, 36 peresenti. Patatha miyezi 18, madandaulo a magulu awiriwo anali atatsika mofanana. Choncho kuyeza aliyense sikunapindule. Madokotala a bungwe la European Association of Urology amalozera kumene kukayika kumakhala kwakukulu: bambo amene anachitidwapo opaleshoni koma sanachire, amene amalephera kutulutsa mamililita 150 aja, amene amatsala ndi oposa 300, wa zaka zoposa 80, kapena wosakwana zaka 50. Za wachinyamatayu, dokotala wa ku Malawi ali ndi chifukwa china chokayikira. Mnyamata amene mkodzo wake wafooka kawirikawiri amakhala ndi chipsera chopanikiza njira, chotsalira cha chinzonono chosachizidwa bwino kapena cha ngozi, ndipo chimenecho chimaoneka pa ekisire ya njira ya mkodzo kapena pa kakamera kolowetsedwa m'njiramo, osati pa mizere itatu ija.

Palinso amayi amene mkodzo umawabwerera mwadzidzidzi, osawapatsa mpata wofika kuchimbudzi. Mankhwala akakanika, zipatala zambiri zinkawayeza pa makina zisanawabaye jakisoni wa botulinum m'chikhodzodzo. Mu 2025 magazini ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wa FUTURE, wotsogoleredwa ndi Mohamed Abdel-Fattah wa ku Aberdeen, pa amayi 1,099 a ku Britain. Amene ananena kuti apeza bwino anali 23.6 peresenti kwa oyezedwa ndi 22.7 peresenti kwa osayezedwa. Nyimbo yomwe ija. Ndipo malangizo a 2012 anachenjezeratu kuti chikhodzodzo chikakhala chete pa mphindi zochepa za m'chipinda choyezera, sizitanthauza kuti kunyumba sichivuta. Wodwala sakunama.

Mpaka pano makinawa akuoneka ngati olephera mayeso atatu motsatizana. Koma pali odwala amene makinawa anawatalikitsira moyo.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dokotala Harvey Cushing anaona kuti pafupifupi asilikali 80 mwa 100 alionse a ku America ovulala mtsempha wa msana ankamwalira m'masabata ochepa. Chowapha kwenikweni sichinali chipolopolo. Anali matenda a m'njira ya mkodzo ndi zilonda za pogona. Ludwig Guttmann, amene anatsegula wodi ya ovulala msana ku Stoke Mandeville mu 1944, anasintha zinthu polamula kuti chikhodzodzo chizikhuthulidwa ndi kapaipi nthawi ndi nthawi, mwaukhondo wa kuchipatala, m'malo mosiya kapaipi mkati mpaka kalekale. Mu 1972 Jack Lapides wa ku Michigan anaonetsa kuti wodwala akhoza kumadzichitira yekha kunyumba ndi manja osamba ndi kapaipi kotsuka bwino, kangapo pa tsiku. Anzake ena anaona ngati misala. Lero ndiyo njira yodalirika padziko lonse.

Chimene chimachitika m'thupi n'chakuti mtsempha wa msana ukaduka, uthenga wa pakati pa ubongo ndi chikhodzodzo umasokonekera. M'masabata oyambirira chikhodzodzo chimangolefuka. Pambuyo pake, kwa ambiri, chimayamba kudzifinya chokha, pomwe mnofu wotseka njira, m'malo momasuka, nawo ukufinya nthawi yomweyo. Pulesha imakwera, mkodzo wochokera ku impso umasowa polowera kapena umabwerera kumtunda, impso zimatupa n'kumafa pang'onopang'ono. Mwiniwake samva kanthu. Akafunsidwa amati ali bwino, mwinanso amasangalala kuti sakunyowa kwambiri, osadziwa kuti kuumako ndiko kukumupha.

Mu 1981 Edward McGuire ndi anzake anasindikiza zimene anapeza mwa odwala obadwa ndi vuto la msana lotchedwa spina bifida. Amene mkodzo unkayamba kutuluka pulesha, yomwe imawerengedwa m'masentimita a madzi, itapitirira 40, ambiri anali ndi mitsempha yochokera ku impso yotupa, ndipo ambirinso mkodzo unkabwerera kumtunda. Amene unkatuluka pulesha isanafike pamenepo, impso zawo zinali zotetezeka kwambiri. Nambala 40 imeneyo inachokera kwa odwala ochepa, ambiri a iwo ana, ndipo madokotala anzeru saitenga ngati malire oti 39 ndi mtendere. Komabe inaphunzitsa dziko chinthu chimene kucheza ndi wodwala sikungaulule. N'chifukwa chake malangizo a 2012 amati wovulala mtsempha wa msana ndi wa spina bifida ayezedwe pa makina poyambirira, ali ndi madandaulo kapena alibe, ndipo kuyezako kuzibwerezedwa pakafunika. Mu 2021 mabungwe awiri omwe aja anawonjezera malangizo ogawa odwala a minyewa m'magulu atatu malinga ndi chiopsezo. Wodwala sitiroko amene amakodza yekha n'kumaliza bwino ali m'gulu lotsika, ndipo safunika makina mwachisawawa. Wa pulesha yokwera ali m'gulu la pamwamba, ndipo impso zake ziyenera kuonedwa pa sikani ndi m'magazi chaka ndi chaka.

Kuyeza wovulala msana kuli ndi ngozi yakeyake. Munthu amene anavulala kuyambira chapakati pa chifuwa kupita kumtunda, pa fupa limene madokotala amalitcha T6, chikhodzodzo chikadzaza thupi lake likhoza kuchita chipolowe. Mutu umagunda, nkhope imatentha, thukuta limatuluka kumtunda kwa povulala, mphuno zimatsekeka, mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo bipi imakwera mofulumira mpaka kutha kuphulitsa mtsempha wa m'mutu. Anthu oterewa bipi yawo ya masiku onse imakhala yotsika, choncho nambala imene kwa wina ndi yabwinobwino kwa iwo ikhoza kukhala yoopsa. Malangizo amati bipi iziyezedwa nthawi yonse ya kuyezako, ndipo zizindikirozi zikaoneka pampu izimitsidwe, chikhodzodzo chikhuthulidwe msanga, wodwala akhazikidwe tsonga, zovala zothina zimasulidwe. Osamalira odwala kunyumba ayenera kuidziwa mfundo imeneyi, chifukwa zomwezo zimachitika kapaipi kakapindika pansi pa ntchafu kapena kakatsekeka. Wodwala wotere akati mutu wayamba kugunda mwadzidzidzi, choyamba kuyang'ana ndi thumba la mkodzo, osati botolo la panado.

Malangizo onsewa analembedwera zipatala za ku America ndi ku Ulaya. Makina a urodynamics ndi odula, timapaipi take timagwiritsidwa ntchito kamodzi, ndipo pamafunika munthu wophunzira kuwerenga mizere. Si chinthu chimene munthu angachipeze pachipatala cha m'boma lake ku Malawi kapena ku Zambia. Koma odwala ake alipo, ndipo ena ndi a mitundu imene olemba malangizowo sankaiganizira kwenikweni.

Mayi amene mkodzo ukungotuluka usana ndi usiku kuchokera pamene anavutika pobereka, funso loyamba si la pulesha. Ndi lakuti kodi pali chibowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, matenda a fistula. Yankho lake limapezeka ndi madzi a utoto wabuluu othiridwa m'chikhodzodzo: akatulukira kunjira yoberekera, chibowo chilipo. Pa malo othandizira amayi a fistula a ku Bwaila mu Lilongwe, komanso pa chipatala cha Addis Ababa chimene Catherine ndi Reginald Hamlin anatsegula mu 1974, madokotala amadziwa vuto lina lopweteka mtima: chibowo chatsekedwa bwinobwino, utoto sukudutsa, koma mayi akunyowabe. Mwina njira ya mkodzo inawonongeka ndipo siikutseka, mwina chikhodzodzo chinatsala chaching'ono ndi cholimba ndi zipsera, mwina chikudzifinya chokha. Zitatuzi zimafuna chithandizo chosiyana, ndipo kumanga njira mwa mayi amene chikhodzodzo chake n'chaching'ono kukhoza kukweza pulesha n'kuvulaza impso. Mayi wotere ndiye weniweni amene malangizo angamutche wovuta kumvetsa, woyenera kuyezedwa mokwanira. Ku Bwaila ofufuza anagwiritsapo ntchito sikelo: kuyeza kulemera kwa thewera lisanavalidwe, ndi kuliyezanso patatha ola limodzi. Galamu imodzi yowonjezereka ndi pafupifupi mililita imodzi ya mkodzo, ndipo nambalayo imanena zoona kuposa yankho la mayi waulemu amene safuna kukhumudwitsa dokotala amene wamuthandiza.

Likodzo nalo lili ndi mbali yake. M'madera a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ndi m'chigwa cha Shire, mazira a tizilombo ta likodzo amakhazikika m'khoma la chikhodzodzo, ndipo pakapita zaka khomalo likhoza kuuma n'kusiya kufutukuka. Komabe munthu wamkulu amene akukodza magazi asatumizidwe kukayezedwa pulesha. Akufunika kuyezedwa mkodzo, sikani ndi kakamera, chifukwa likodzo la nthawi yaitali limayambitsanso khansa ya chikhodzodzo.

Kumene kulibe makina kuli njira yachidule imene madokotala akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Wodwala amakodza kaye. Kapaipi wamba kamalowetsedwa, wotsalira amayezedwa. Kenaka sirinji yaikulu ya mamililita 50 kapena 60, yochotsa chokankhira chake, imalumikizidwa kunsonga ya kapaipiko n'kuimikidwa pamwamba pa chinena. Madzi aukhondo amathiridwa pang'onopang'ono kuti atsike okha, ndipo wothirayo amalemba kuchuluka kumene wodwala wayamba kumva, kumene wafuna kukodza, ndi kumene walephera kupirira. Maso ake amakhala pa mulingo wa madzi m'sirinjimo. Ukayamba kukwera wodwala ali chete, osatsokomola, osadzikankha, ndiye kuti chikhodzodzo chafinya chokha. Pomaliza kapaipi kamachotsedwa, wodwala amatsokomola chogona ndi choimirira. Ndipo popeza pulesha imawerengedwa m'masentimita a madzi, kutalika kumene madzi aima pamwamba pa fupa la pachinena ndiko nambalayo, yoyezeka ndi tepi ya telala.

Njirayi isakokomezedwe. Ilibe kapaipi kachiwiri, choncho wodwala akakankha ndi mimba, madzi amakwera ngati kuti chikhodzodzo chafinya, ndipo dzanja la woyeza loikidwa pamimba ndilo lokha lomuchenjeza. Siiyeza kanthu munthu ali mkati mokodza, kotero siingasiyanitse abambo awiri aja a liwiro la 8. Imafunanso ukhondo womwewo, pakuti kapaipi kalikonse kolowa m'chikhodzodzo kakhoza kulowetsa tizilombo, ndipo munthu amene ali kale ndi matenda a m'mkodzo ayenera kuchira kaye asanayezedwe.

Mpata waukulu uli kwa ovulala msana. Ngozi za kabaza, kugwa mumtengo ndi TB ya msana zimadzaza mabedi m'zipatala zazikulu, ndipo malo ngati Kachere mu Blantyre amaphunzitsa anthu kukhala, kusuntha ndi kuyendetsa njinga ya olumala. Ambiri amabwerera kumudzi ndi kapaipi kokhalitsa ndi thumba, kapena opanda chilichonse, akungodzinyowetsa pa chitenje. Gulu lachiwirili ndilo lili pa chiopsezo chachikulu cha pulesha yokwera, ndipo chikhodzodzo chimene chinali cholefuka pa tsiku lotuluka m'chipatala chikhoza kukhala china patatha miyezi itatu. Mbali yaikulu ya zimene malangizo a 2021 amafuna pa anthu amenewa ingatheke pachipatala cha boma chokhala ndi sikani ndi labotale: kuyeza mkodzo wotsalira, kuona ngati impso zatupa, kuyeza magazi a impso, kuphunzitsa wodwala kapena womusamalira kulowetsa kapaipi mwaukhondo maola anayi kapena asanu ndi limodzi alionse, ndi kupereka mankhwala ofewetsa chikhodzodzo monga oxybutynin pamene pulesha ikukayikitsa. Amene impso zayamba kutupa, amene matenda a m'mkodzo akubwerezabwereza ndi malungo, ndi amene akunyowabe ngakhale akukhuthula pa nthawi yake, ndiwo oyenera kutumizidwa msanga kwa dokotala wa za mkodzo pachipatala chachikulu.